Theka la mtengo silikwanira kwa mwana wa ku Imizamo Yethu

Munthu akaima pamsewu wa Chapman's Peak n'kucheuka, amauona Hout Bay yense ngati ali m'lichero. Nyanja ili kumunsi, mapiri azungulira mbali zitatu, ndipo m'chigwa chimodzicho mukukhala anthu a maiko atatu osiyana. Pakatikati pali nyumba za mipanda, kapinga wometedwa bwino ndi madamu osambiramo. Kumtunda kwa doko, m'tsinde mwa phiri la Sentinel, kuli Hangberg, kwawo kwa mabanja amene akhala akudalira nsomba kuyambira kale. Kutsidya linalo kuli Imizamo Yethu, kumene ambiri amangoti Mandela Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1991 ndipo lero nyumba za njerwa ndi zisakasa za malata zathithikana mpaka kukwera phiri. Kumeneko ndi kumene kumagona Amalawi ambiri amene m'mawa amatsikira m'chigwa kukasamala maluwa, kuchapa, kuphika ndi kumanga nyumba za eni chuma. Kuchoka pa Silikamva High School, imene imaphunzitsa ana a ku Imizamo Yethu, kukafika pa Hout Bay International School, kumene makolo amalipira ndalama zankhaninkhani, ndi ulendo woti munthu n'kuyenda wapansi osatuluka thukuta. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani ya mtengo wa intaneti, lamulo la South Africa limaona masukulu awiriwa ngati mapasa, ndipo limawapatsa mphatso yofanana ndendende.

Lamulo lake ndi Electronic Communications Act la 2005, ndime 73. Ndimeyi imalamula kampani iliyonse yogulitsa intaneti kuti ikamagulitsa kwa masukulu izichotsera mtengo ndi theka kapena kuposerapo, ndipo dongosololi limadziwika ndi dzina lakuti e-rate. Ganizoli linalowa koyamba m'malamulo a dzikolo mu 2001, ndipo poyamba linkakhudza masukulu a boma ndi makoleji a ntchito zamanja okha. Mu 2014 Nyumba ya Malamulo inakulitsa mndandandawo n'kuwonjezerapo zipatala za boma, mayunivesite ndi masukulu omwe si a boma. Woyang'anira kuti makampani akutsatira zimenezi ndi bungwe la ICASA, lomwenso limapereka ziphaso kwa Vodacom, MTN, Telkom ndi anzawo. Pa pepala ndi lamulo lokoma, ndipo amene analilemba anali ndi mtima wabwino. Koma lili ndi zilema ziwiri zimene zimaoneka bwino munthu akaliyesa pa malo ngati Hout Bay. Choyamba, limachotsera aliyense mofanana posatengera kuti m'thumba mwake muli chiyani. Chachiwiri, laiwala malaibulale a anthu onse, omwe kwa mwana wogona m'chisakasa ndiwo malo okhawo owerengerako sukulu ikatseka. Maganizo anga ndi akuti ndime 73 ilembedwenso kuti kuchotserako kuzikula malinga ndi umphawi wa ana a pasukulupo, malaibulale alowemo, ndalama yotsalayo izichokera m'thumba limene makampani amasonkhamo kale, ndipo ICASA izionetsa poyera amene alandira ndi amene akudikirabe.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi pamene chilema choyamba chagona. Tiyerekeze kuti intaneti yokwanira sukulu ya ana 1,000 ikugulitsidwa R10,000 pamwezi. Masukulu onse awiri achotseredwa theka, ndiye kuti iliyonse itulutse R5,000. Ku sukulu imene kholo limodzi limalipira fizi yoposa pamenepo mwezi uliwonse, ndalama imeneyi ndi yogulira tiyi wa aphunzitsi. Ku sukulu yosalipiritsa fizi nkhani yake ndi ina. Masukulu oterewa amayendera ndalama imene boma limapereka powerengera mutu wa mwana aliyense, ndipo mulingo umene boma la dziko lonse limaika sufika R2,000 pa mwana pachaka. Pa kandalama komweko pachoke mabuku, mapepala, inki, bilu ya madzi ndi magetsi, kukonza zimbudzi ndi magalasi osweka. Mphunzitsi wamkulu akaika bilu ya intaneti pambali pa bilu ya madzi, palibe amene angamudzudzule akasankha madzi. Choncho kuchotsera kumene kunabwera m'dzina la osauka kumapindulira kwambiri amene akanatha kulipira mtengo wonse popanda kudandaula, ndipo pamene masukulu olipiritsa analowetsedwa mu 2014 mpata unangokulirakulira. Komanso waya ukafika pageti si ndiye kuti intaneti yafika m'kalasi. Pamafunika makompyuta, Wi-Fi yofika m'zipinda zonse, mabatire oti magetsi akazima zinthu ziziyendabe, alonda ndi zitsulo za m'mawindo, ndi munthu wodziwa kukonza zikavuta. Sukulu ya m'chigwa zonsezi ili nazo kale. Ya pamtsetse wa phiri imayambira pansi, ndipo theka la bilu siliigulira ngakhale kompyuta imodzi.

Dzina lakuti e-rate linabwerekedwa ku America, koma obwerekawo anasiya pomwepo chinthu chimene chimapangitsa dongosololo kugwira ntchito. Ku United States lamulo la Telecommunications Act la 1996 linakhazikitsa kuchotsera koyambira pa 20 mpaka pa 90 peresenti. Sukulu imachotseredwa malinga ndi kuchuluka kwa ana ake amene ali oyenera kulandira chakudya chamasana chaulere kapena chotchipa, komanso ngati ili kumudzi kapena m'tauni. Malaibulale analimo kuyambira tsiku loyamba. Ndipo kampani siuzidwa kuti ingoluza: imagulitsa pa mtengo umene yapambana nawo popikisana ndi anzake, sukulu imalipira gawo lake, gawo lotsalalo limachokera m'thumba la Universal Service Fund limene makampani a mafoni amasonkhamo. Mu 1994 makalasi atatu okha pa 100 aliwonse a m'masukulu a boma ku America ndiwo anali ndi intaneti, koma pofika 2005 anali 94 pa 100 aliwonse. Sikuti E-Rate yokha ndiyo inachita zonsezi, ndipo kumenekonso kunapezeka makampani ndi akuluakulu a maphunziro amene anadya ndalama za m'thumbamo mpaka kukaonekera kukhoti. Komabe mfundo yake ndi yomveka: wosauka kwambiri achotseredwe kwambiri, ndipo pakhale wina wodziwika amene alipire zotsalazo. South Africa ili nazo kale zida zochitira zimenezi. Masukulu a boma anagawidwa m'magulu asanu malinga ndi umphawi, ndipo a m'magulu atatu oyamba salipiritsa fizi. Chongofunika kusamala n'chakuti magulu amenewa amayang'ana kwambiri chuma cha dera lozungulira sukulu, ndiye m'malo ngati Hout Bay, kumene chisakasa chimayang'anizana ndi nyumba ya mamiliyoni, muyeso wabwino ndi wa makomo amene ana akuchokera, monga kuchuluka kwa ana olandira chakudya cha kusukulu kapena okhululukidwa fizi.

Chilema chachiwiri ndi cha malaibulale. Sukulu imatseka masana, imatseka Loweruka ndi Lamlungu, imatsekanso milungu yambiri pa holide. Mwana wa m'chigwa akaweruka amapitiriza homuweki pa intaneti ya fibre ya kunyumba. Mnzake wa ku Imizamo Yethu amabwerera ku chipinda chimodzi chimene ndi khitchini, pabalaza ndi kuchipinda nthawi yomweyo, kumene foni ya amayi ndiyo kompyuta ya banja lonse, ndipo foniyo imafika usiku pamodzi ndi mwini wake wotopa. Bandulo ikatha pakati pa vidiyo ya masamu, phunzirolo lathera pomwepo mpaka tsiku la malipiro. M'nyumba zotere ngakhale kusunga laputopu ndi chinthu cha nkhawa, pakuti anthu akukumbukirabe moto wa pa 11 March 2017 umene unapsereza zisakasa zoposa 2,000 ndi kusiya anthu zikwizikwi padzuwa, mabuku ndi zikalata zawo zili phulusa. Kwa anthu amenewa laibulale ya Hout Bay ndi ya Hangberg ndi malo a tebulo, nyale, bata ndi kompyuta. Si ana okha amene amazifuna. Dipatimenti ya maphunziro ya Western Cape imalembetsa ana oyamba Grade 1 ndi Grade 8 kudzera pa intaneti, ndipo kholo liyenera kutumiza zikalata pamenepo. Ofuna ntchito amalemba CV ndi kuitumiza pa imelo, ofuna malo ku yunivesite ndi thandizo la ndalama za maphunziro la NSFAS nawonso amafunsira pa intaneti. Boma litasamutsira makomo ake pa intaneti, kuonetsetsa kuti anthu ali ndi pogogodera ndi udindo wake.

Khonsolo ya mzinda wa Cape Town inazindikira zimenezi kale. Mu 2002 inayambitsa SmartCape, dongosolo loika makompyuta a intaneti yaulere m'malaibulale, ndipo chaka chotsatira linalandira mphoto ya Access to Learning kuchokera ku bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation. Ntchito imeneyi ndi yotamandika, koma imasonyezanso pamene lamulo la dziko lonse laperewera. Intaneti ya m'malaibulale a Cape Town ilipo chifukwa khonsolo inafuna ndipo inali ndi ndalama. Malamulo aakulu a dzikolo amati malaibulale ndi udindo wa maboma a zigawo, koma ambiri amayendetsedwa ndi makhonsolo, ndipo mkangano wa yemwe ayenera kulipira wakhalapo zaka zambiri. Chinthu chimene chilibe mwini weniweni ndicho chimayamba kudulidwa bajeti ikafinya. Ndime 73 imateteza yunivesite ndi sukulu yolipiritsa, koma laibulale ya ku Hangberg, kapena ya m'katauni kosauka ka ku Eastern Cape kumene khonsolo ikulephera ngakhale kukonza mipope, ilibe ndime yoiteteza. Kuwonjezera mawu ochepa m'lamulo kungapatse woyang'anira laibulale mphamvu yofunsa mtengo wotsika ngati ufulu, m'malo modikira chifundo cha bajeti ya chaka chimenecho.

Alipo amene amati zonsezi n'kuvutika chabe, msika ukonza wokha, boma lingochotsa dzanja lake. Amaloza mitengo ya data imene yatsika, ndi makampani ang'onoang'ono monga TooMuchWifi amene akugulitsa Wi-Fi yotchipa ku Imizamo Yethu ndi m'makomboni ena. Makampani amenewa akuchitadi ntchito yabwino, ndipo lamulo lililonse latsopano lisawapondereze. Koma mbiri ya kutsika kwa mitengo ikutsutsa ganizo lakuti msika unadzikonza wokha. Mu 2016 anthu anafuula pansi pa mbendera ya DataMustFall. Mu 2017 bungwe loona za mpikisano pa malonda, Competition Commission, linayamba kufufuza msika wa data, ndipo mu December 2019 linapeza kuti mitengo inali yopondereza osauka: wogula kabandulo kakang'ono tsiku ndi tsiku ankalipira zambiri pa megabyte iliyonse kuposa wolemera wa kontrakiti ya pamwezi. Zili ngati mayi wogula mafuta ophikira a m'kapepala tsiku lililonse, amene pakutha pa mwezi walipira zoposa mnzake wogula chigubu. Vodacom ndi MTN atapanikizidwa anatsitsa bandulo ya 1GB ya pamwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99 mu April 2020. Malamulo a ICASA a 2019 ndiwonso anakakamiza makampani kulola kuti data yotsala ipitirire mwezi wotsatira ndi kusiya kudya maunitsi a munthu bandulo ikatha popanda chilolezo chake. Pa zonsezi kampani sinadzuke m'mawa n'kumva chisoni. Inasuntha chifukwa woyang'anira anaigwira pamkono.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemerako, ndipo kumachokera kwa makampani enieniwo. Amati akusenza kale katundu wambiri. Mu March 2022, pa okushoni ya mafunde a mumlengalenga amene mafoni amayendera, makampani asanu ndi imodzi anapambana polonjeza kulipira boma ndalama zoposa R14 biliyoni. Pamwamba pa apo anapatsidwa udindo wolumikiza masukulu a boma oposa 18,000, zipatala, maofesi a mafumu ndi malaibulale mazanamazana, komanso wolola anthu kutsegula masamba ena othandiza anthu popanda kudya data. Chaka chilichonse amasonkhanso 0.2 peresenti ya ndalama zimene apeza ku thumba la Universal Service and Access Fund. Ukawonjezera katundu wina, amatero, mtengo wake ubwerera kwa wogula wamba, yemwe ndi mayi wa ku Mandela Park uja. Mfundoyi ili ndi choonadi, ndipo n'chifukwa chake ndikunena kuti kuchotsera kwakukulu kuzilipidwa kuchokera m'thumba, kusangounjikidwa pamsana pa wogulitsa. Lamulo likauza kampani kuti sukulu iliyonse imene yaigulitsa intaneti iziluzapo theka, kampani yochenjera imangolambalala masukulu, kapena kukweza mtengo woyambira kuti theka lake lifanane ndi mtengo wakale. Kakampani ka m'komboni ndiye sikangapirire n'komwe. Koma ngati thumba likubweza gawo lochotseredwalo, sukulu yosauka imasanduka kasitomala wosiririka amene makampani angalimbirane. Lamulo la 2005 lomwelo limalola kale kuti ndalama za m'thumbamo zithandize masukulu a boma kugula ntchito zoterezi. Chimene chikusowa ndi njira yachidule ndi yodziwika yoti mphunzitsi wamkulu aitsate popanda kulemba makalata chaka chonse. Ndipo tisaiwale kuti mafunde amene makampaniwa amapangira phindu ndi chuma cha anthu onse, chobwereketsedwa ndi chiphaso. Wobwereka munda wa mudzi sangadabwe akauzidwa kuti asiye njira yopita kuchitsime.

Pa udindo wa masukulu 18,000 aja, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. South Africa siyamba lero kulonjeza. Ndondomeko ya SA Connect ya December 2013 inalonjeza intaneti yothamanga m'masukulu ndi m'zipatala. Malamulo a zomangamanga za m'masukulu a November 2013, amene bungwe la Equal Education la ku Khayelitsha linawamenyera nkhondo zaka zingapo, anapereka zaka zisanu ndi ziwiri kuti sukulu iliyonse ya boma ikhale italumikizidwa, ndipo 2020 inafika masukulu ambiri asanaone kanthu. Vuto lina ndi tanthauzo la mawu akuti kulumikizidwa. Rauta imodzi mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, yotumizira malipoti ku dipatimenti, imawerengedwa m'kaundula ngati sukulu ya intaneti, pamene mwana wa Grade 11 sanaigwirepo. Mankhwala ake ndi otchipa. ICASA izisindikiza mndandanda wa sukulu ndi laibulale iliyonse, dzina la kampani imene inapatsidwa malowo, tsiku limene inalumikiza, liwiro la intanetiyo ndi mtengo umene ukulipidwa. Kholo la mwana wa pa Sentinel Primary kapena pa Oranjekloof Moravian Primary lizitha kuyang'ana dzina la sukulu yake n'kuyerekeza ndi zimene mwana akunena kunyumba. Kampani imene yalephera ilipire chindapusa chopweteka, ndipo kulepherako kukumbukiridwe tsiku lokonzanso chiphaso. Nkhani ya Starlink ikusonyeza chifukwa chake zimenezi zili zofunika. Kampaniyi, imene ku Malawi ikugwira ntchito kuyambira 2023, ku South Africa yakhala ikukanika kupeza chiphaso chifukwa cha lamulo lakuti 30 peresenti ya umwini ikhale m'manja mwa anthu amene ankasalidwa kale, ndipo inanena kuti ingalumikize masukulu akumudzi 5,000 ngati lamulolo litafewetsedwa. Kaya munthu akugwirizana nazo kaya ayi, masukulu asanduka ndalama yogulira ziphaso, ndiye payenera kukhala wowerenga ngati ndalamayo yalipidwadi.

Ena sakhulupirira thumba lenilenilo, ndipo ali ndi zifukwa. Bungwe la USAASA limene limaliyang'anira lakhala ndi mbiri ya mikangano ya utsogoleri ndi mafunso pa kayendetsedwe ka ndalama, ndipo chuma chambiri cha m'thumbamo chinapita ku madikoda a TV pa ntchito yosamukira ku dijito imene inaphonya tsiku lake la June 2015 ndi zaka zambiri. Iwowa amawonjezera kuti ku Western Cape boma la chigawo linayamba kale mu 2014 kulumikiza masukulu, malaibulale ndi maofesi ake kudzera mu mgwirizano ndi kampani ya Neotel, imene pambuyo pake inakhala Liquid, ndiye ku Hout Bay lamulo latsopano lingasinthe chiyani? Yankho la funso loyamba n'lakuti nkhokwe ikadontha timaifolera, sitisiya kulima. Dongosolo lobwezera ndalama pa risiti ya ntchito imene yachitika kale, risiti imene sukulu yasainira ndipo aliyense angaione, ndi lovuta kubera kusiyana ndi makontrakiti akuluakulu ogulira zida zokaunjika m'nyumba zosungiramo katundu. Yankho la funso lachiwiri n'lakuti ntchito ya chigawo ili ndi malire. Ndi mgwirizano wa zaka zowerengeka, wodalira bajeti ndi ndale za nthawiyo, ndipo mwana wa ku Limpopo sapindula nawo. Ngakhale mu Cape Town momwemo, waya wa boma ukafika, ndalama yogulira zida za m'kati ndi yolipira wokonza imagwerabe pa sukulu ndi makolo ake, ndipo apa ndi pamene chigwa ndi mtsetse zimasiyaniranso. N'chifukwa chake thandizo la m'thumba liyenera kufika mpaka pa Wi-Fi ya m'kalasi ndi ya m'chipinda chowerengera, monga E-Rate ya ku America imachitira.

Kutsutsa kumene ndimakulemekeza kwambiri ndi kwa aphunzitsi amene amati intaneti siphunzitsa mwana kuwerenga. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 aliwonse a Grade 4 ku South Africa satha kuwerenga momvetsa m'chilankhulo chilichonse. M'dziko limene masukulu ena akugwiritsabe ntchito zimbudzi zokumba zoopsa, kodi intaneti ndi yoyamba? Zoonadi si yoyamba, ndipo amene amalonjeza kuti matabuleti adzalowa m'malo mwa mphunzitsi waluso ndi buku labwino akugulitsa malonda chabe. Koma ndalama za m'thumba la makampani a mafoni sizichokera ku bajeti ya zimbudzi kapena ya mabuku. Zinasonkhedwa kuti zilumikize anthu, ndipo zikapanda kupita ku sukulu zidzapita kwina. Kwenikweni sukulu ikamasulidwa ku bilu ya intaneti, kandalama kake kamatsalira mabuku omwewo. Chaka cha 2020 chinatiphunzitsanso kanthu. Masukulu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ana a m'nyumba za fibre anapitiriza maphunziro pa Zoom, pamene anzawo ankadikira uthenga wa pa WhatsApp pa foni yopanda bandulo. Boma linalamula makampani kuti masamba a maphunziro atsegulidwe mwaulere, ndipo makampaniwo anatha kuchita zimenezo m'milungu yochepa. Chimene chinatheka pa nthawi ya mliri sichingakhale chosatheka pa nthawi ya mtendere.

Pali mawu ena amene sanenedwa m'misonkhano ya ICASA koma amamveka m'mataxi ndi pa Facebook: bwanji ndalama za dziko lino zithandize ana a anthu obwera? Amalawi a ku Joni amawadziwa bwino mawu amenewa. Ndime 29 ya malamulo aakulu a South Africa imati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, ndipo mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linatengera unduna wa maphunziro, linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa zikalata. Pambali pa lamulo pali masamu wamba. Thumba lija limadzazidwa ndi ndalama za aliyense wogula maunitsi, ndipo ndi ochepa amene amagula data mokhulupirika kuposa munthu amene banja lake lili ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena ku Mzimba. Wi-Fi ya m'kalasi siyang'ana pasipoti. Mwana wa Mxhosa, wa msodzi wa ku Hangberg, wa Mzimbabwe ndi wa Mmalawi akhala pa desiki imodzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana onsewa adzakwera basi imodzi ya MyCiTi kukasaka ntchito mu mzinda womwewo. Makolo achimalawi nawonso asadziyese alendo pa nkhaniyi. Lamulo la masukulu la 1996 limapatsa makolo mipando yambiri m'komiti yoyendetsa sukulu ya boma, masankho ake amachitika zaka zitatu zilizonse, ndipo bajeti ya sukulu imavomerezedwa pa msonkhano wa makolo. Pamenepo kholo lili ndi ufulu woimika dzanja n'kufunsa kuti intaneti ya sukulu imalipidwa zingati, theka lija linachotsedwa kapena ayi, ndipo ndi ana angati amene amaigwiritsa ntchito.

Phunziro la Hout Bay likukhudzanso kumudzi. Lamulo la Communications Act la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, ndipo thumbali lathandiza kuika makompyuta m'masukulu ena a sekondale. Koma chipinda cha makompyuta chimatsegulidwa tsiku limodzi, ndi riboni ndi magule, pamene bilu ya intaneti imabwera mwezi uliwonse alendo olemekezeka atapita kale. Sekondale ya masana ya ku Nsanje kapena ku Chitipa, imene imayendera tindalama tochepa, singalipire TNM kapena Airtel pa mtengo wofanana ndi sukulu ya ana a mabwana ku Lilongwe, makamaka pamene boma lomwelo lakhala likudula msonkho wapadera wa 10 peresenti pa data kuyambira 2015. Malawi ali ndi mwayi woona pamene mnzake anapunthwa asanalembe lamulo lake. Akadzalemba, aike kuchotsera kotsata umphawi, alowetse malaibulale a National Library Service, atchule amene adzalipire zotsala, ndipo achotse msonkho pa intaneti ya masukulu.

Ku South Africa ntchito yake si yaikulu monga ena angaganizire. Thumba lilipo, woyang'anira alipo, kaundula wa masukulu osauka alipo, ndipo ndime 73 inasinthidwapo kale mu 2014 pamene aphungu anafuna kulowetsamo masukulu olipiritsa. Ngati Nyumba ya Malamulo, imene imakumana mu mzinda womwewu kuseri kwa phiri la Table Mountain, inapeza nthawi yokumbukira sukulu ya m'chigwa, ingapezenso nthawi yolemba kuti sukulu yosalipiritsa fizi ichotseredwe 90 peresenti ndi kuti laibulale ya anthu onse iwerengedwe pamodzi ndi masukulu. Mpaka tsiku limenelo, mtsikana wa ku Imizamo Yethu wolemba matric apitiriza kutsika phiri akaweruka, kukalembetsa dzina pa mzere wa makompyuta a kulaibulale, n'kumayang'ana wotchi kuti nthawi yake isathe asanatumize fomu ya ku yunivesite. Foni ya amayi ake, amene tsiku lonse akhala akupukuta nyumba ya Wi-Fi yosatha, ikusonkha m'thumba lomwe likanamugulira nthawi yokwanira.